Madesiki Oyendayenda a ku Zilibwino

Mu ufumu wa Zilibwino mudali lamulo lakale loti munthu waudindo akafunsidwa funso lililonse, yankho lake lizikhala dzina la dziko. Mvula ikakana, zili bwino. Mlatho ukagwa, zili bwino, madzi azidutsa momasuka. Anthu wamba lamuloli silidawakhudze, koma adalitengera okha, moti ngakhale wolumidwa ndi galu ankayamba wanena kuti zili bwino, kenako n'kuyamba kulira.

Zinthu zidasokonekera tsiku lokumbukira kubadwa kwa Mfumu Ndaonazonse Wachinayi. Ana a sukulu adafola pabwalo la nyumba yachifumu atatambasula nsalu yaitali imene adalemba okha. Ankafuna kunena kuti akuitama mfumu, koma chilembo chimodzi chidawaterereka, ndipo nsaluyo idati: TIKUKUTUMANI MFUMU YATHU.

Mfumu idawerenga kawiri, idavula magalasi n'kuwapukuta, idawerenganso.

"Akundituma kuti?" idafunsa.

Nduna zidangoyang'anizana. Imodzi idati zili bwino, koma mawu ake adatuluka opyapyala ngati a udzudzu.

M'mawa mwake ng'oma idalira m'maboma onse. Mfumu yalamula kuti khonsolo iliyonse iyendere sukulu zake zonse, ione ndi maso, igwire ndi manja, inunkhize ngati kuli kofunika, ndipo ibweretse lipoti lonena ngati Nthambi ya Maphunziro ikugwira ntchito kapena ikungovala majekete.

Khonsolo ya Tidzaonamawa, imene inkadziwika ndi misonkhano yokambirana tsiku la msonkhano wotsatira, idadzidzimuka ngati nkhuku yothiridwa madzi. Tsiku lomwelo idakhazikitsa Komiti Yoyang'anira Oyang'anira Maphunziro, ya makhansala asanu ndi awiri. Atawerengana adapeza kuti onse ndi amuna, ndiye adachotsa mmodzi amene ankaodzera n'kuikapo Velina Nasoko.

Nasoko adali wogulitsa matimati pamsika wa Mwamvakale, mayi wamfupi wojintcha, wa mawu oti akaitana kasitomala kumatembenuka msika wonse. Ukhansala wa dera la Pansipamtengo adaupeza chifukwa amuna awiri amene ankaulimbirana adatukwanizana mpaka anthu adatopa nawo onse. Za malipoti sankazidziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti mwana wake Mwatitha, wa Sitandade 8, ankabwera kusukulu diresi litayera ndi fumbi, chifukwa sukulu ya Pansipamtengo idalibe desiki ngakhale imodzi. Ana ankakhala pansi n'kumalembera pamaondo, ndipo atsikana ankaopa kuimirira poyankha funso. Mayeso omaliza adali atatsala sabata ziwiri.

Komiti isadanyamuke, mkulu wa Nthambi ya Maphunziro m'bomalo, bambo Mpandachoko, adabwera kudzailankhula. Adali munthu wosalala, wonunkhira mafuta, wolankhula atatsinzina.

"Wapampando, makhansala olemekezeka," adatero, "maphunziro m'boma lino afika pamene sangapitirirenso, chifukwa kutsogolo kulibe malo. Chaka chatha ana onse anakhoza, kuphatikizapo amene sanalembe. Aphunzitsi athu ndi okwanira, moti ena amaphunzitsa makalasi anayi nthawi imodzi chifukwa cha luso. Makalasi athu ndi opita mphepo."

"Opita mphepo chifukwa alibe makoma," adatero Nasoko.

Wapampando wa komitiyo, bambo Chimtengo, amene ankakonda ulemu kuposa chakudya ngakhale chakudyanso ankachikonda kwambiri, adagogoda tebulo. "Mayi Khansala, tisaweruze tisanaone."

Lolemba adapita kusukulu ya Kwatsalapang'ono. Nasoko atalowa m'kalasi adagwira pakamwa. Madesiki makumi anayi, onyezimira phuliphuli! Mabuku atsopano, mpira wojambulidwa maiko onse uli patebulo, ndi mphunzitsi wa tayi yofiira akuphunzitsa za mitsinje. Kuseri kudali chimbudzi cha chitseko chobiriwira, chokhala ndi loko. Mtima wa Nasoko udawawa pang'ono. Kodi ndiye kuti ana akwawo okha ndiwo adaiwalika? Adakhala pa desiki ya kumbuyo pafupi ndi zenera kuti amve kukoma kwake, ndipo ponyamuka adangomva kuti kwee! Msomali udang'amba chitenje chake.

"Zili bwino," adatero a Mpandachoko.

Lachiwiri adapita kusukulu ya Bolakunthazi, mtunda wautali kuwoloka mitsinje iwiri. Madesiki makumi anayi, phuliphuli. Nasoko adakhalanso kumbuyo pafupi ndi zenera. Ponyamuka, kwee!

Adayang'ana chitenje, adayang'ana msomali. Pamutu pa msomaliwo padali kansanza ka maluwa achikasu, pamene iye tsikulo adavala chitenje cha buluu. Cha maluwa achikasu chidali cha dzulo.

Lachitatu, pasukulu ya Tiyembekeze, adapita dala pa desiki ya kumbuyo, ndipo adapeza tinsanza tiwiri tikumudikira, kachikasu ndi kabuluu. Mphunzitsi wa tayi yofiira adali kutsogolo akuphunzitsa za mitsinje.

"Aphunzitsi," adatero Nasoko, "simunabadwe mapasa atatu inu?"

Mphunzitsiyo adangoloza mtsinje wina pa mpira uja.

Nasoko adapempha kuti akaone chimbudzi. Adachipeza ndi chitseko chobiriwira chija, koma iye adangodutsa n'kutsetserekera kumunda wa chinangwa kumene adaona mikwingwirima ya matayala. Kuseri kwa chulu kudaima lole, ndipo pamthunzi pake padakhala bambo wa imvi akudya nzimbe.

"Muli bwanji achimwene? Loleyi ndi yanu?"

"Ndi ya Nthambi, mayi. Ine ndine Jailosi, dalaivala wa maphunziro." Adalavula zitsotso za nzimbe. "Mwatsala pang'ono kumaliza kodi? Mawa ndi kutali."

"Kutali ndi chiyani?"

Jailosi adamuyang'ana, ndipo atazindikira kuti akulankhula ndi khansala adafuna kubweza mawu, koma adali munthu wotopa, ndipo munthu wotopa bodza limamulemera. Adaulula zonse. Madesiki ndi makumi anayi omwewo. Mpira ndi umodzi, mabuku ndi bokosi limodzi, chitseko ndi chimodzi, amachizula ndi mahinjesi ake omwe. Mphunzitsi wa tayi amakwera kutsogolo, amanyamula mpira pamiyendo.

"Ine mayi ndazungulira boma lonse ndi maphunziro kumsana," adatero Jailosi, "koma dzina langa sindidziwa kulemba."

"Nanga mumapakira nthawi yanji?"

"Lamulo la bwana ndi limodzi. Komiti ikadali pasukulu, osakhudza kanthu. Fumbi la galimoto yanu likangozimirira, ife timayamba kutsitsa ana pamadesiki."

Nasoko adabwerera akuseka yekha m'njira, kuseka kosakanikirana ndi ukali. M'galimoto adayesa kuwauza a Chimtengo, koma iwo adati nkhani imene sili pa ndondomeko ya tsikulo siingakambidwe, ndipo msomali uli pansi pa Nthambi ya Zomangamanga.

Loweruka nkhaniyi idafika pamsika wa Mwamvakale, ndipo idagulidwa msanga kuposa matimati.

"Ndiye kuti madesiki aona sukulu zambiri kuposa ana athu," adatero mayi Nagama, wogulitsa usipa. "Awalembetse mayeso, akhoza."

"Chitsekocho ndiye chandimvetsa chisoni," adatero wokonza njinga. "Bwanji munthu ali mkati, komiti n'kunyamuka?"

Ataseka mokwanira, Nasoko adawaitanira pafupi. Sukulu ya Pansipamtengo idali yomaliza pa ndondomeko, komiti ikafika Lolemba. Mayeso akayamba Lachitatu n'kutha Lachisanu.

"Amnzanga, mwamva lamulo la bwana wawo. Komiti ikadali pasukulu, madesiki sasuntha. Funso langa ndi ili: kodi alendo asanu ndi mmodzi tingalephere kuwasunga masiku asanu?"

Nagama adaomba m'manja n'kuyamba kuvina ndi lichero la usipa kumutu.

Lolemba komiti idalandiridwa ku Pansipamtengo ngati mkwatibwi. Nthungululu zidayambira pa mlatho wa matabwa wolowera m'mudzimo. Ana adali atakhala kale pa madesiki, ena akuwasisita, ena akuwanunkhiza. Mwatitha adakhala pa desiki ya kutsogolo, msana uli chilili ngati mlembi wa khoti. Nasoko atamuona adayang'ana kumbali n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Mphunzitsi wamkulu, bambo Kamtedza, nkhalamba yowonda imene idadikira zaka makumi awiri kuti munthu wina aimvetsere, adaimirira kuti anene mawu ochepa. Adayambira pa mbewu imene idamera n'kukhala mtengo umene sukuluyo idayambira. Dzuwa litafika paliwombo adali asadafike pa nthambi yoyamba. Kudabwera mpunga ndi nkhuku, thobwa lidatsatira, kudabwera chimtali, kudabwera mganda. A Mpandachoko ankangoyang'ana wotchi.

"Wapampando, nthawi yatha. Tiyeni tizipita."

Pomwepo a Kamtedza adagwada. "Pepani Wapampando, pali kanthu kakang'ono. Makolo agwirizana kuti mjigo wa pasukulu pano utchedwe dzina lanu. Koma mwambo wake ndi wa mawa m'mawa."

A Chimtengo adakhudza pamtima. "Mjigo wonse?"

"Ndi madzi ake omwe, Wapampando."

"Bambo Mpandachoko," adatero a Chimtengo, "kuyang'anira sikufuna phuma."

Lachiwiri mjigo udatchedwa Chimtengo, ndipo mwini dzina adalankhula maola awiri, n'kupopa yekha ndowa yoyamba. Makhansala enawo adayamba kung'ung'udza kuti nawonso ali ndi maina. Makolo adati asadandaule, zinthu zopanda maina zilipo zambiri. Khansala wina adapatsidwa mtengo wa mango, wina belu la sukulu, limene lidali chitsulo cha tayala la galimoto, wina bwalo la mpira. Chilichonse chidali ndi tsiku lake, mbuzi yake ndi magule ake.

A Mpandachoko adaonda tsiku limodzi. Sakadatha kunena chifukwa chimene ankafunira kuti komiti ichoke, komanso sakadatha kupakira madesiki komiti ikuona. Adalamula dalaivala wa komiti kuti alize galimoto, koma atafika pa mlatho adapeza matabwa onse atazulidwa, amuna a m'mudzimo atakhala pambali akusuta fodya.

"Mwatani mlathowu?"

"Tikuukonza bwana. Anthu olemekezeka ngati inu sangawoloke kawiri pa matabwa akale."

"Mumaliza liti?"

"Zili bwino, bwana."

A Mpandachoko adapita kwa Nasoko n'kumukokera kuseri kwa kalasi. "Mayi, ndikudziwa kuti ndinu. Mukufuna chiyani?"

"Ine? Ine ndikungoyang'anira, bwana. Kapena pali vuto ndi madesiki athuwa? Si athu kodi? Munatiuza nokha dzulo pamaso pa Wapampando."

A Mpandachoko adangopita kukakhala pansi pa mtengo wa mango wa khansala uja.

Lachitatu mayeso adayamba. Magule adasamukira kudambo kuti ana asamve phokoso, ndipo makhansala ankayenda monyang'ama podutsa pafupi ndi kalasi. Masana Mwatitha adatuluka akuthamanga.

"Amayi, cholembera chimathamanga pa desiki! Ndinamaliza nthawi isanathe, mpaka ndinawerenganso kawiri."

Nasoko adamunyamula ngati khanda, mtsikana wamtali kuposa iye, mpaka onse awiri adagwera mu mpanda wa udzu.

Koma utsi sufuka popanda moto, ndipo utsi wa mbuzi zootcha umapita kutali. Sukulu zina zidamva kuti ku Pansipamtengo agwira makhansala, ndipo madesiki akhazikika. Lachinayi m'mamawa kutsidya kwa mtsinje kudaima ngolo zisanu ndi imodzi, za ku Kwatsalapang'ono, ku Bolakunthazi, ku Tiyembekeze ndi kwina, makolo atadzaza, ng'oma zikulira.

"Tigawireniko!" adakuwa mayi wina wa ku Bolakunthazi. "Makhansala asanu ndi awiri sukulu imodzi? Dyera limeneli! Ifenso ana athu akulemba!"

Nasoko adaganiza pang'ono, ndipo adaona kuti mayiyo akunena zoona. Adapita kwa a Chimtengo, amene ankatsuka m'manja pa mjigo wawo.

"Wapampando, mbiri yanu yafika kutali. Ku Bolakunthazi akuti ali ndi phiri lopanda dzina."

"Phiri?"

Sipadapite ola. Makhansala adawolotsedwa mtsinje pamsana, mmodzimmodzi, nsapato zili m'manja, n'kukwezedwa pa ngolo. Anthu a ku Tiyembekeze ndi a ku Kwatsalapang'ono adalimbirana khansala wina wonenepa, awa akukoka mkono awa mwendo, mpaka adagwirizana kuti opambana atenge iyeyo, ogonja atenge wowonda koma awonjezeredwe mlembi wa komiti. Nasoko adatsala kwawo, atakhala pakhomo pa kalasi ngati mlonda.

Tsopano a Mpandachoko adaona mdima masana. Komiti idali m'sukulu zisanu ndi ziwiri nthawi imodzi, ndipo khansala aliyense ankapita kusukulu imene sabata yapitayo adaiona yodzaza madesiki. Akakapeza ana ali pansi, lipoti likanena chiyani kwa mfumu? Adawoloka mtsinje osavula nsapato, n'kuthamangira kumene Jailosi adabisa lole.

"Kuboma! Kunyumba yosungira katundu! Msanga!"

Jailosi adasimba pambuyo pake kuti chitseko cha nyumbayo chitatsegulidwa, iye adavula chipewa. Madesiki adasanjikizana mpaka kudenga, mazanamazana, ena akadali m'mapepala. Mabuku, choko, mabolodi, mipira ya maiko yodzaza ngodya yonse ngati maungu. Zidakhala m'menemo zaka zisanu ndi zitatu. Nthambi inkayamikiridwa chaka chilichonse chifukwa chosunga bwino katundu, ndipo a Mpandachoko adazindikira kalekale kuti chimene chimawononga desiki ndi mwana. Ophunzira okhawo amene adalowamo adali chiswe, ndipo chidali chitamaliza masamu onse a Sitandade 5.

Tsiku limenelo lole idathamanga ngati yalumidwa ndi njuchi. Mathirakitala, ngolo, njinga za kabaza, zonse zidalembedwa ntchito. Pamsika wa Mwamvakale anthu adasiya malonda n'kufola m'mbali mwa msewu kuonerera madesiki akudutsa.

"Abale, kodi amaswana?" adafunsa wokonza njinga.

"Anali pa dzira," adayankha Nagama. "Aswa lero."

Lachisanu, tsiku lomaliza mayeso, ana a sukulu zisanu ndi ziwiri adalembera pa madesiki. Ndipo poti lole imodzi siingabweze mwakachetechete zimene boma lonse laona zikupita, madesikiwo adakhala komweko.

Patatha sabata, onse adaitanidwa ku nyumba yachifumu. Nasoko adavala chitenje chake chabwino n'kutsanzikiratu Mwatitha, chifukwa ku Zilibwino munthu woyambitsa zinthu sankakhalitsa. A Mpandachoko adayamba ndiwo kulankhula, maso ali otsegula ulendo uno.

"Mwinidziko, mayi uyu wawononga chuma cha ufumu. Madesiki amene tinawasunga zaka zisanu ndi zitatu opanda kachipsera, lero akukhalidwa. Ndi ana, Mwinidziko! Ena ayamba kale kulembapo maina awo."

"Akulemba molondola?" idafunsa mfumu.

"Sindinaonetsetse, Mwinidziko."

Mfumu idatembenukira kwa Nasoko. "Iwe mayi, akuti unatsekera komiti yanga masiku asanu."

Nasoko adagwada. "Mwinidziko, munalamula kuti tione ndi maso, tigwire ndi manja. Ine maso anga ndi ochedwa, ndiye ndinapempha anzanga kuti tionetsetse."

"Ndipo unaona chiyani?"

Bwalo lonse lidadikira yankho la masiku onse. Nasoko adalimva likukwera pakhosi, koma adalimeza.

"Ndinaona kuti pamene pakhala khansala, pamamera desiki. Akachoka, imafota."

Mfumu idasisita ndevu. Kenako nkhope yake idawala ngati ya munthu amene watulukira chinthu payekha.

"Ndaona!" idatero. "Ndaona zonse! Makhansala ndi manyowa!"

Nduna zidaomba m'manja. Alembi adalemba. A Chimtengo, amene adali atangobwera kumene kuchokera kuphiri lawo, adawerama posadziwa ngati atamidwa kapena atukwanidwa.

Chigamulo chidatuluka pomwepo. Popeza manyowa sagwira ntchito ali m'thumba, khansala aliyense mu ufumu wonse azikhala m'kalasi ya Sitandade 8 kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, chaka chonse, pa desiki, pakati pa ana. Azilemba nawo mayeso, ndipo zotsatira zake zizilengezedwa pamsika. Nasoko, monga woyambitsa chipwirikiti, alangidwe pokhala desiki imodzi ndi Wapampando wake. A Mpandachoko, chifukwa chogawa madesiki ambiri pa tsiku limodzi kuposa munthu wina aliyense m'mbiri ya ufumu, adavekedwa mendulo n'kukwezedwa kukhala mkulu wa Nthambi ya Zaumoyo.

Nkhaniyi itafika pamsika, Nagama adaika lichero pansi. "Amene akufuna kudwala," adatero, "adwaliretu sabata ino."

Zotsatira za ana zitatuluka, Mwatitha adasankhidwa kupita kusekondale, pamodzi ndi anzake asanu ndi anayi a ku Pansipamtengo, kumene kale akapita mmodzi ankapha mbuzi. Nasoko adavina kuchokera pamsika mpaka kunyumba, matimati adawasiyira Nagama.

Chaka chatsopano chitayamba, iye adayamba chilango chake. Ankagulitsa madzulo ndi Loweruka, m'mawa n'kumapita kusukulu ndi makope awiri m'jumbo. Chimene anthu ambiri sankadziwa n'chakuti Nasoko adalekezera Sitandade 4, ndipo zaka zonsezi ankati akamva belu la sukulu mtima umamuthawa. Tsopano ankafika woyamba, ankakweza mkono ngakhale funso lisanathe, ndipo a Kamtedza ankachita kumupempha kuti apatseko mpata ana.

A Chimtengo zidawavuta. Miyendo sinkakwana pansi pa desiki, ndipo masamu ogawa ankawatulutsa thukuta. Tsiku la mayeso oyamba a pakati pa teremu, kalasi ili zii, Nasoko adamva mpweya wofunda paphewa. Adacheuka n'kupeza khosi la a Chimtengo litatalika, maso ali pa pepala lake. Adaphimba ndi chigongono.

"Wapampando, mukutani?"

"Ndikuyang'anira maphunziro," adanong'ona a Chimtengo.

"Aphunzitsi!" adakuwa Nasoko ndi mawu ake a pamsika aja. "Awa akuonera!"

A Kamtedza adadzuka pang'onopang'ono, adakonza magalasi, ndipo mwaulemu wonse woyenera munthu amene ali ndi mjigo komanso phiri, adawapempha a Wapampando kuti atenge pepala lawo akakhale kutsogolo, pansi, alembere pamaondo.